Pacemaker ikalowa tizilombo, mankhwala okha sachiza

Abale athu a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose mumzinda wa Harare omwe anaikidwa pacemaker, kachipangizo kothandiza mtima kugunda bwino, amandifunsa kawirikawiri chifukwa chimene madokotala timafunira kuichotsa pamalo pake pakatupa chifukwa cha tizilombo, pomwe mapiritsi alipo.

Kachipangizoka kamakhala pansi pa khungu, chakumtunda kwa chifuwa, ndipo mawaya ake amadutsa mumtsempha mpaka kukafika mkati mwa mtima. Mabakiteriya, makamaka a mtundu wa Staphylococcus amene amapezeka pakhungu, akamatirira pachitsulo ndi pamawaya amadzikuta ndi kautomoni kamene maantibayotiki amalephera kukaboola. N'chifukwa chake munthu amapezako bwino akamamwa mankhwala, koma akangosiya mafinya amabwerera, ndipo tizilomboto tikhoza kutsetsereka ndi mawaya kukalowa m'magazi ndi mumtima momwe. Njira yodalirika ndi kuchotsa zonse, batire pamodzi ndi mawaya.

Ambiri akamva zimenezi amaopa kuti ang'ambidwa chifuwa, koma masiku ano nthawi zambiri sizifika pamenepo. Dokotala amatsegula pomwe panalowera kachipangizoka, n'kulowetsa kachingwe kolimba mkati mwa waya kuti asaduke, kenaka amavekera wayayo kapaipi kamene kamadula pang'onopang'ono zipsera zomwe zinamumatiriza kumtsempha. Timapaipi tina timadula ndi kampeni kozungulira, tina ndi kuwala kwa laser, ndipo zonsezi amaziona pa X-ray. Waya amene wakhala chaka chimodzi kapena kuposerapo ndiye amavuta kwambiri. Mtsempha ukhoza kung'ambika, ngakhale kuti sizichitikachitika, choncho ntchitoyi imafuna chipatala chimene chili ndi dokotala wa opaleshoni ya mtima wokonzeka pafupi, ndipo ndi bwino kufunsa za zimenezi musanavomere.

Maantibayotiki amapitirizidwa kachipangizoka kakachotsedwa, kwa masabata pafupifupi 2 ngati matenda anali pamalo pa batire pokha, ndipo 4 mpaka 6 ngati anafika mumtima. Kachipangizo katsopano kamaikidwa mbali ina ya chifuwa, magazi akayezedwa n'kupezeka opanda tizilombo kwa maola osachepera 72. Ena amapatsidwa kopanda mawaya monga Micra, kamene kamalowetsedwa kudzera mumtsempha wa m'ntchafu.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kuchedwa. Pamalopo pakafiira, pakatentha, pakatuluka madzi, kapena chitsulo chikayamba kuonekera, musafinye, musatemere ndiponso musagule mapiritsi kufamase. Pitani kwa dokotala wa mtima tsiku lomwelo mutatenga khadi la kachipangizoko, kuti atenge magazi musanamwe mankhwala alionse.