TV yanu sinafe, musalole aliyense kuifulasha

Pali funso limene landitopetsa pa ntchito yanga yokonza ma TV ndi makompyuta: "Amisiri, TV yanga ikukana foni, chafa n'chiyani?" Ena amafika atainyamula kale, ataikulunga m'bulangete, atalipira ndi galimoto yomwe. Ndikaiyatsa ndimapeza kuti nthawi zambiri palibe chafa. TV ili bwino, foni ili bwino, koma ziwirizo sizinapangidwe kuti zimvane mwa njira imene mwiniwake akuikakamiza.

Mawu akuti smart amene alembedwa pa katoni sakulonjeza kuti foni iliyonse idzaoneka pa TV imeneyo. Njira zotumizira chithunzi popanda chingwe zilipo zitatu zikuluzikulu, eni ake ndi osiyana, ndipo sizilandirana. Zili ngati kwacha ya Zambia ndi kwacha ya Malawi: dzina ndi limodzi, koma kayeseni kugula tomato ku Lizulu ndi ya ku Chipata muone.

Imene ambiri kwathu kuno amagwiritsa ntchito osadziwa dzina lake ndi Miracast, yomwe bungwe la Wi-Fi Alliance linakhazikitsa mu 2012. Dzinali simuliona kawirikawiri chifukwa kampani iliyonse inaipatsa lake. Pa foni ya Samsung ndi Smart View, pa Huawei ndi Wireless Projection, pa mafoni ena ambiri angolemba Cast, pa TV ya LG ndi Screen Share, pa Hisense zambiri mupeza Anyview Cast kapena Screen Sharing. Miracast imalumikiza foni ndi TV mwachindunji kudzera mu Wi-Fi Direct. Sifuna rauta, sifuna intaneti, sifuna bandulo. Ndabwereza zimenezi mpaka kukhosi kuuma, komabe anthu amathamangira kukagula bandulo wina TV ikakana, ngati kuti deta ndiyo mankhwala. Ngati kanema wa ukwati ali kale m'foni mwanu, mungamuonetse pa TV muli kumudzi kopanda ngakhale netiweki. Chimene chimalepheretsa ambiri ndi zinthu ziwiri zazing'ono. Ma TV ambiri amafuna muyambe mwatsegula tsamba lodikirira foni ndi rimoti, apo ayi foni siiona. Chinanso, pa mafoni ambiri hotspot ikakhala yoyatsa Miracast siyenda, chifukwa zonse ziwiri zikulimbirana kachipangizo kamodzi ka Wi-Fi. Zimitsani hotspot, siyani Wi-Fi yoyatsa, yesaninso. Dziwaninso kuti Google inachotsa Miracast mu Android yawo kuyambira pa Android 6.0 mu 2015. Makampani onga Samsung anapitiriza kuiika okha, koma foni ya Pixel ilibe, ndipo mafoni ena otchipa alibenso.

Njira yachiwiri, ya Google, imene inatchuka ndi kachipangizo ka Chromecast mu 2013 ndipo tsopano imabwera m'kati mwa ma TV a Android TV ndi Google TV, imayenda mosiyana. Foni ndi TV ziyenera kukhala pa Wi-Fi imodzi, osati iyi pa rauta ya m'nyumba, iyo pa deta ya Airtel kapena TNM. M'malo ogona alendo ndi m'maofesi ambiri Wi-Fi yake anaitchera kuti zipangizo zisamaonane, choncho mungayese tsiku lonse osaphula kanthu. VPN, apu yobisa kumene mukulowera pa intaneti, ikakhala yoyatsa pa foni imachitanso chimodzimodzi. Apa palinso msampha wa bandulo. Mukadina kachizindikiro ka Cast mu YouTube, foni situmiza chithunzi chake ayi. Imangouza TV kuti katenge kanema wakutiwakuti pa intaneti, ndipo TV imadzisankhira chithunzi chowala kwambiri chimene intaneti yanu ingakwanitse. A Netflix amanena okha kuti ola limodzi la HD lingadye mpaka 3 GB, la 4K mpaka 7 GB. Ndiye wina amabwera akudandaula kuti TV yake "ikuba deta". Siikuba, mwaitsegulira nkhokwe nokha. Tsitsani mlingo wa chithunzi.

Yachitatu ndi AirPlay ya Apple, ndipo apa ndi pamene pali nkhani imene imandiwawabe mumtima.

Mayi wina wachikulire, mphunzitsi wopuma pa ntchito, anagula TV yaikulu ya mainchesi 55 ndi ndalama zake za penshoni. Mwana wake wa ku Joni anamutumizira iPhone kuti azionana ndi adzukulu pa video call, ndipo mayiyo ankafuna nkhope za adzukuluwo zizioneka pa TV chifukwa maso anayamba kuvuta. TV ija inali ndi Miracast yokha. iPhone sidziwa Miracast, sinaidziwepo chiyambire. Imadziwa AirPlay, imene makampani onga Samsung, LG ndi Sony anayamba kuiika m'ma TV awo ena mu 2019. Panalibe chowonongeka. Chimene mayiyu ankafunika chinali ka adaputa kolumikiza iPhone ku chingwe cha HDMI, basi.

M'malo mwake mnyamata wina wa m'dera lawo, wa gulu lija loika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni, anawauza kuti "software ya TV yakalamba, ikufunika kufulasha". Kufulasha ndi kuika pulogalamu ina m'malo mwa imene imayendetsa TV. Mnyamatayo anakopera fayilo pa intaneti ya TV ya dzina lofanana, naiika pa fulashi, nailowetsa. Chimene anyamata otere sadziwa, kapena sasamala, n'chakuti ma TV awiri a dzina limodzi ndi kukula kumodzi angakhale ndi bodi (kathabwa ka tizipangizo ta magetsi koyendetsa TV) yosiyana ndi galasi losiyana m'kati. Fayilo yolakwika ikalowa, chithunzi chimatha kutembenuka chadodolido, mitundu kusokonekera, kapena TV kungoima pa chizindikiro cha kampani osapitirira. Ya mayi aja inaima pa chizindikiro. Mnyamatayo atachita mantha anaitsegula kumbuyo, nang'amba kapepala ka waranti, nayamba kugwiragwira bodi. Pamene ankafika nayo kwa ine, sitolo imene anaigula inali itakana kale kuilandira, ndipo sindikanaiimba mlandu: TV inali itatsegulidwa. Bodi ina inayenera kuitanitsidwa kunja. Mayiyo anakhala miyezi akuyang'ana chinthu chakuda pakhoma, ndipo funso limene anandifunsa silinandichoke: "Mwanawe, ndiye kuti sinali yodwala poyamba?" Ndinawayankha zoona, kuti ayi mayi, inali bwinobwino.

Choncho ndikunena mosapsatira. Kulephera kulumikiza foni ku TV si chifukwa chotsegulira TV, ndipo si chifukwa choifulashira ndi fayilo yochokera kosadziwika. Ngati TV ikufunikadi kukonzedwa pulogalamu, imachita yokha kudzera pa Software Update m'ma Settings ake, kuchokera kwa kampani imene inaipanga, ndipo musayambe zimenezo nthawi imene magetsi akuthimathima, chifukwa akazima pakati pa ntchitoyo mudzalira. Munthu akakuuzani kuti adzaika AirPlay kapena Miracast mu TV imene ilibe pomasula masikuluwu, mulandeni TV yanu pomwepo.

Dandaulo lina limene limatumiza ma TV abwinobwino kwa amisiri ndi la chithunzi chakuda. Zithunzi za m'foni zikuoneka, WhatsApp ikuoneka, koma mukangotsegula filimu pa Netflix kapena mpira pa apu ya DStv, mawu akumveka chithunzi palibe. Izi anachita dala eni makanemawo pofuna kuteteza kuti asakoperedwe, ndipo palibe mmisiri amene angachotse zimenezo pogwira bodi. Tsegulani apu ya Netflix kapena ya DStv pa TV penipenipo ngati ilipo, kapena gwiritsani ntchito kachizindikiro ka Cast m'kati mwa apuyo ngati kalipo. Kuchedwa pang'ono kwa chithunzi, kumene kumakwiyitsa anyamata osewera magemu, nakonso si matenda. Foni imayamba yapanikiza chithunzi, kuchitumiza mumlengalenga, TV n'kuchimasula, ndipo zonsezo zimatenga kanthawi. Kukhala pafupi ndi TV kumathandiza, komanso Wi-Fi ya 5 GHz ngati rauta yanu ili nayo, chifukwa ya 2.4 GHz m'malo othinana nyumba imadzadza ndi ya aneba.

Ine ndikafunsidwa njira imene ndimaidalira, ndimati chingwe. Laputopu ndi HDMI sizikangana. Pa Windows mungayese popanda chingwe podina batani la Windows pamodzi ndi K, koma ngati muli ndi msonkhano wa ku ofesi, maphunziro kapena mwambo wa ku tchalitchi umene sungadikire, nyamulani chingwe cha HDMI, dinani Windows ndi P, sankhani Duplicate, nkhani yatha. Ndaona anthu akuluakulu atavala masuti akutuluka thukuta pamaso pa gulu, akusakasaka dzina la TV pa laputopu, chikhalirecho chingwe chotchipa chikanawapulumutsa.

Pa foni nkhani ya chingwe ili ndi mbuna yake. Ogulitsa pamsika adzakuuzani kuti adaputa ya USB-C kupita ku HDMI "imagwira pa foni iliyonse ya Type-C". Bodza. Kabowo kangafanane maonekedwe, koma kuti chithunzi chituluke foni iyenera kukhala ndi chimene amachitcha DisplayPort Alt Mode. Mafoni apamwamba onga Samsung Galaxy S ali nacho, iPhone 15 ya 2023 ilinso nacho, koma mafoni ambiri a mtengo wapakati ndi otchipa kabowo kake n'kotchajira ndi kusamutsa mafayilo basi. Musapereke ndalama musanayese adaputayo pa foni yanu pomwepo, ndi TV ya wogulitsayo. Akakana kuti muyese, mwadziwa kale yankho.

Tizipangizo totchipa tolowetsa kumbuyo kwa TV, tonga AnyCast, timagwira ntchito ndithu, ndipo ndi njira yabwino kwa amene TV yawo si ya smart. Vuto lake anthu amatipatsa moto kuchokera pa kabowo ka USB ka TV, kamene nthawi zambiri kamatulutsa moto wochepa, ndiye kachipangizo kamangozima n'kuyaka. Kapatseni tchaja yakeyake ya kukhoma. Koma mabokosi opanda dzina aja olonjeza "matchanelo onse ulere" ndiwo sindiwafuna n'komwe m'nyumba ya munthu. Mu June 2025 a FBI, apolisi ofufuza milandu ku America, anachenjeza za BADBOX 2.0, mapulogalamu oipa amene amabwera ali kale m'kati mwa mabokosi ena otchipa a Android, n'kumagwiritsa ntchito intaneti ya m'nyumba mwanu pa zachinyengo inu osadziwa. Chimodzimodzinso ma apu olonjeza kulumikiza "foni iliyonse ku TV iliyonse", makamaka amene munthu akukutumizirani ngati fayilo yoikira apu, ya APK. Ambiri amangotsegula tsamba la Cast limene lili kale m'foni mwanu, kenaka n'kukuthirani zotsatsa malonda kapena kuyamba kukudulani ndalama mwezi ndi mwezi. Apu yoonetsa chithunzi pa TV ikamapempha kuwerenga mameseji anu, dzifunseni kuti ikuwafuniranji.

Ponena za mameseji, kumbukirani kuti mukalumikiza foni yonse, TV imaonetsa chilichonse. Uthenga wa WhatsApp ukalowa, apongozi auwerenga pamodzi nanu. Zimenezo n'zamanyazi chabe. Choopsa ndi ndalama. Munthu akuonetsa zithunzi pabalaza podzaza anthu, kapena pamalo oonetsera mpira, wina akuti nditumizireko, iye n'kutsegula Airtel Money kapena Mpamba ndi manambala aja oyamba ndi nyenyezi, n'kulemba PIN yake chithunzi chili pakhoma. Pa njira imeneyo manambala amaoneka monga mukuwalembera. Dulani kaye kulumikizanako musanagwire za ndalama, ndipo yatsani Do Not Disturb musanayambe kuonetsa. Komanso dzina la TV likatuluka pa foni, onetsetsani kuti ndi yanu. M'nyumba zamdadada ma TV amakhala a mtundu umodzi, mayina ofanana, khoma lokha ndilo lasiyanitsa.

Tsono pali nthawi pamene TV imakhaladi yodwala, ndipo apa vuto la anthu limatembenuka: amene amathamanga pachabe ndi omwewo amene amazengereza pofunika kufulumira. Mukalowa m'ma Settings n'kupeza kuti TV siikuona Wi-Fi ina iliyonse, ngakhale hotspot ya foni imene mwaigwira pafupi, kapena batani la Wi-Fi likukana kuyatsika, yambani mwaizula kukhoma kwa mphindi zingapo n'kuiyatsanso. Zikapitirira, makamaka ngati zayamba magetsi atabwera mwamphamvu kapena kutagwa mphenzi, n'kutheka kuti kachipangizo ka Wi-Fi m'kati kapsa. Musati "tizingoonera pa dikoda kaye, tidzaona". Ma TV ambiri waranti yake ndi chaka chimodzi chokha, ndipo miyezi imathamanga. Tengani lisiti, bwererani kumene munagula TV isanatsegulidwe ndi aliyense, ngakhale ine amene. Ndipo amene simunagule, pitani ku sitolo ndi foni yanu m'thumba, muwauze ayatse TV imene mukuifuna, mulumikize pomwepo, muone chithunzi ndi maso anu musanawerenge ndalama.