Supavaiza ndi wophunzira wa PhD ku Johannesburg: mafunso ndi mayankho

Amalawi ambiri amene akuchita PhD ku University of the Witwatersrand (Wits), ku Braamfontein, kapena ku University of Johannesburg (UJ), ku Auckland Park, ndi akuluakulu kale. Ambiri ndi aphunzitsi a ku UNIMA, MUBAS, LUANAR kapena Mzuni amene anapatsidwa tchuthi cha zaka zowerengeka, mabanja anawasiya kumudzi. Enafe tinamaliza, ndipo pano ndife masupavaiza, tikuyang'anira kafukufuku wa ophunzira athu. Mafunso ali m'munsiwa amachokera mbali zonse ziwiri. Dziwani kuti faculty iliyonse ili ndi buku lake la malamulo, ndipo pakabuka nkhani, bukulo ndi limene limatsegulidwa.

Kodi pali malamulo a momwe supavaiza azigwirira ntchito, kapena zimangotengera mtima wa munthu?

Malamulo alipo. Kuno ku South Africa PhD ili pa gawo 10 la NQF (mndandanda wa boma wa magawo a maphunziro), lomwe ndi lapamwamba kwambiri, ndipo siyingathe zaka ziwiri zisanakwane. Mu 2018 bungwe la Council on Higher Education linatulutsa muyezo wa digiriyi, kenako linaunika mayunivesite amene amaipereka, lipoti lake n'kutuluka mu 2022. Kayang'aniridwe ka ophunzira kanali pakati pa zinthu zimene linafufuza. Mayunivesite ambiri amafuna kuti supavaiza ndi wophunzira asainirane mgwirizano. Ku Wits chikalatachi chimatchedwa Statement of Principles for Postgraduate Supervision.

Pali china chofunika kuchimvetsa. National Development Plan, ndondomeko ya chitukuko ya boma ya 2012, inati pofika 2030 dziko lino lizitulutsa ma PhD oposa 5,000 pa chaka, ndipo pogawa ndalama ku mayunivesite boma limawerenga womaliza PhD mmodzi ngati mapepala atatu a mu journal (magazini ya kafukufuku). Choncho mayunivesite amafuna ophunzira ochuluka, pamene aphunzitsi oyenera kuwayang'anira ndi ochepa. Musanavomere kugwira ntchito ndi pulofesa wotchuka, mufunseni kuti ali ndi ophunzira angati panopa, ndipo kachezeni ndi mmodzi kapena awiri mwa iwo. Dzina lalikulu silikuwerengerani chaputala.

Mumgwirizanomo muzilembedwa chiyani kwenikweni?

Vuto lake n'lakuti ambiri amasaina fomuyi ngati momwe amasainira fomu ya laibulale, mizere ina ili yosalemba. Supavaiza wabwino amakhala nanu pansi mwezi woyamba ndi kudzaza mzere uliwonse. Muzikumana kangati? Ine ndimaona kuti kamodzi pa mwezi ndiye pochepetsetsa, ndipo nthawi ya proposal ndi yomaliza thesis pamafunika kuposa apo. Mukatumiza chaputala, ndemanga zizibwera pakatha masabata angati? Mapepala akatuluka, mayina adzaikidwa bwanji? Ndalama za kafukufuku zichokera kuti? Supavaiza akapita pa sabbatical (tchuthi chachitali cha kafukufuku), adzakugwirani ndani? Ndipo nenani poyera kuti mu December mudzakhala ku Malawi, kuti zisadzaoneke ngati mwathawa.

Mukatha kukumana kulikonse, inu wophunzira lembani imelo yaifupi tsiku lomwelo: tagwirizana zakutizakuti, ine ndipereka chakuti pa tsiku lakuti, inu mubweza pa tsiku lakuti. Mizere isanu ikwana. Pakatha zaka ziwiri, pamene wina akuti "ndinakuuzani kuti musinthe theory" winayo akukana, maimelo amenewa ndiwo amathetsa mkangano popanda kunyozana.

A supavaiza anga asunga chaputala changa miyezi itatu. Kuwakumbutsa si mwano?

Si mwano, ndipo funso limeneli ndi limene limandipweteka kwambiri, chifukwa apa ndi pamene Amalawi timatayira zaka. Tinaleredwa kuti wamkulu sathamangitsidwa. Tikalowa mu ofesi timayamba ndi "pepani ndakusokonezani", akati "ndiona sabata ya mawa" timathokoza n'kutuluka, sabatayo ikadutsa timaopa kugogodanso. Koma supavaiza amene ali ndi ophunzira khumi, makalasi ndi makomiti amayamba kuyankha amene akumufunsa. Chete wanu iye samutenga ngati ulemu ayi. Amaganiza kuti zonse zili bwino, mwinanso kuti simukulimbikira.

Pamene mukudikirapo, lendi ya ku Braamfontein ikulipidwa mwezi ndi mwezi, visa ikuyandikira kutha, tchuthi chomwe abwana anakupatsani ku Zomba chikupita, ndipo chaka chikatembenuka mulipiranso fizi yolembetsera. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Lembani mwaulemu koma momveka: munatumiza chaputala pa tsiku lakuti, mgwirizano unati masabata akuti, mukupempha tsiku loti mukumane. Masabata awiri akadutsa popanda yankho, lembaninso ndipo muikemo supavaiza wachiwiri. Zikakanikabe, pitani kwa amene amayang'anira ophunzira a postgraduate pa dipatimenti yanu. Imeneyo ndiyo ntchito yake, sikuti mukukaneneza munthu.

Kwa anzanga amene mukuyang'anira ophunzira ndinene izi. Ngati simukwanitsa tsiku lomwe munalonjeza, tumizani mzere umodzi wonena tsiku lina. Kwa ine masabata atatu kapena anayi pa chaputala chimodzi ndi okwanira. Ndipo wophunzira wa kwathu akangoti zii miyezi iwiri, musadikire kuti abwere yekha. Muitaneni. Kawirikawiri amakhala kuti wakanirira penapake ndipo akuchita manyazi, kapena kumudzi kwagwa maliro, kapena ndalama zamuthera.

Kodi supavaiza azindikonzera Chingerezi ndi kundilembera pomwe pavuta?

Ayi. Thesis ndi yanu, ndipo patsamba loyambirira mumasaina kuti ntchitoyo ndi ya manja anu. Pali kabwezedwe ka mitundu iwiri komwe sikathandiza. Koyamba, chaputala chimabwera chofiira kuyambira mutu mpaka mapeto, chiganizo chilichonse chasinthidwa pa Track Changes (njira ya mu Word yoonetsa zomwe zasinthidwa), wophunzira n'kungovomera zonse osaphunzirapo kanthu. Kachiwiri, masamba 40 amabwera ndi mawu awiri okha pamwamba oti "sizikumveka, lembaninso".

Ndemanga yothandiza imaloza malo, imanena vuto, n'kusiya ntchito m'manja mwanu. Mwachitsanzo: "Pa tsamba 12 mukuti alimi anasiya fodya chifukwa cha mitengo, koma amene mwawagwira mawu pa tsamba 15 akunena za ngongole ya feteleza. Mfundo yanu ndi iti?" Funso lotere lingakugoneketseni mochedwa sabata yathunthu, koma ndi limene limakusandutsani katswiri. Pa chilankhulo, supavaiza angathe kukonza masamba awiri atatu kuti muone zolakwa zomwe mumabwereza, zotsalazo mukonze nokha. Wits ndi UJ ali ndi malo othandiza ophunzira kalembedwe. Ngati mudzafune editor kumapeto, kapena mukugwiritsa ntchito mapulogalamu a AI, funsani kaye zomwe faculty yanu imalola.

Ndiike dzina lawo pa pepala lililonse lomwe ndalemba?

Dzina limaikidwa chifukwa cha ntchito, osati chifukwa cha udindo. Ma journal ambiri amafuna kuti wotchulidwa akhale kuti anathandiza kwenikweni pa maganizo, pa kusanthula kapena pa kulemba, anavomereza pepala lomaliza, ndipo angathe kuyankhapo pakapezeka cholakwika. Supavaiza amene anagwiradi ntchito ayenera kutchulidwa. Pepala lochokera mu thesis yanu, mwachizolowezi dzina loyamba limakhala lanu. Kambiranani izi pepala lisanalembedwe.

Supavaiza wabwino amakutetezaninso ku ma journal achinyengo, aja amakutumizirani imelo yokutamandani n'kulonjeza kusindikiza m'masiku ochepa mukalipira. Onani ngati journal ili pa mindandanda yomwe Department of Higher Education and Training imavomereza.

Kafukufuku wanga ndikachitira ku Malawi. Chilolezo cha yunivesite ya kuno n'chokwanira?

N'chosakwanira. Mufunika chilolezo cha komiti ya ethics (yoona kuti kafukufuku asapweteke anthu) ya kuno, komanso cha kumudzi: makomiti a pansi pa National Commission for Science and Technology, kapena a zaumoyo monga National Health Sciences Research Committee (NHSRC), malinga ndi nkhani yanu. Makalata a kwa DC ndi kukaonekera kwa mafumu n'zapadera. Supavaiza amene sanagwirepo ntchito ku Malawi mwina sadziwa kuti zimenezi zimadya nthawi, ndiye mufotokozereni ndipo muziike pa ndondomeko yanu.

Chinthu chimodzi musachiyese: kufunsa anthu mafunso pa tchuthi chilolezo chisanatuluke, poti "ndili kale kuno". Makomiti sapereka chilolezo chobwerera m'mbuyo, ndipo zomwe mwasonkhanitsazo zimatayidwa. Supavaiza woti "yambani, mapepala adzatipeza" akukuikani m'mavuto.

Ndili ndi masupavaiza awiri ndipo akundiuza zosiyana.

Musakhale mtenga wonyamula mawu uku ndi uku. Pemphani kuti nonse atatu mukumane, ngakhale pa Teams, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe. Kusiyana maganizo pakati pa akatswiri si kwachilendo, koma kukuthetsa ndi udindo wawo.

Za ndalama ndi za visa zimamukhudza supavaiza?

Sangakulipireni lendi, koma ayenera kudziwa mmene zinthu zilili. Ndondomeko ya National Research Foundation, bungwe la boma lopereka ndalama za kafukufuku, imasiyira ophunzira ochokera kunja 5 peresenti yokha ya ma scholarship ake, choncho Mmalawi amadalira kwambiri ndalama za mapulojekiti, ntchito yothandiza kuphunzitsa (ututa), kapena abwana ake kumudzi. Visa ya maphunziro imalola kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata, ndipo imafuna medical aid ya kuno. Supavaiza wabwino amalemba makalata a ku Home Affairs (unduna wopereka ma visa) ndi a opereka ndalama nthawi ikadalipo, amakuuzani pakatuluka mwayi, ndipo sakusenzetsani zolemba za ophunzira ake kuti muzichonga ulere.

Ena amafunsa za mphatso. Kathumba ka mpunga wa Kilombero pobwera ku tchuthi ndi chikhalidwe chathu, ndipo sindikuona cholakwa ngati malamulo a yunivesite akulola. Koma ndalama, kapena mphatso yodula pamene thesis ikupita ku mayeso, ayi ndithu. Kutumidwa kukatenga ana kusukulu kapena kuyang'anira nyumba ya supavaiza si mbali ya PhD.

Zikafika poipa, ndingasinthe supavaiza?

Mungathe, ndipo anthu amasinthadi. Njira yake imayambira kwa woyang'anira postgraduate, kenako mkulu wa dipatimenti kapena sukulu, kenako komiti ya faculty. Tengani mgwirizano uja, maimelo ndi malipoti a chaka ndi chaka. N'chifukwa chake pa lipoti la chaka musamalembe kuti zonse zili bwino pamene simunaonane miyezi isanu. Dziwaninso kuti ngati ndalama zanu zikuchokera ku pulojekiti ya supavaizayo, kusintha kungakhudze ndalamazo, ndiye funsani zimenezi poyamba.

Nkhani ya kufunsiridwa, kugwiridwagwiridwa kapena kuopsezedwa siyidutsa njira yaitaliyi. Ili ndi ofesi yakeyake. Ku Wits ndi Gender Equity Office. Mlongo wanga, digiri yanu siyili m'thumba la munthu mmodzi, ndipo visa yanu inachokera ku Home Affairs, osati kwa iye.

Pa mayeso, supavaiza amachita chiyani?

Iye sachonga thesis yanu. Amathandiza kupereka mayina a oyesa, komiti ya faculty ndiyo imavomereza. Kawirikawiri amakhala atatu, ambiri a kunja kwa yunivesite yanu, ndipo nthawi zambiri mmodzi amakhala wa kunja kwa dziko lino. Supavaiza sayenera kusankha anzake apamtima kapena amene analemba nanu mapepala. Asanavomere kuti mupereke, awerenge thesis yonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto, osati machaputala apataliapatali omwe anawaona zaka ziwiri zapitazo, ndipo muonere limodzi lipoti la Turnitin, pulogalamu yoonetsa mawu ofanana ndi zolemba za ena.

Mayunivesite ena amafuna kuti mukhale mutatumiza kapena kusindikiza pepala musanavale gauni, ena amafunanso mayeso a pakamwa. Fufuzani zimenezi chaka choyamba. Malipoti a oyesa amatenga miyezi, ndipo ambiri amabwera ndi zoti mukonze. Supavaiza akhale nanu pansi, mupange tebulo losonyeza ndemanga iliyonse, zomwe mwachitapo ndi tsamba lake. Musanagule tikiti ya basi yobwerera ku Blantyre, funsani ku ofesi ya faculty ngati mufunika kulembetsanso chaka chinacho pamene mukudikira zotsatira, komanso masiku omwe mudzapatsidwe okonzera thesis.