Mmene mawu oti "sindimadziwa" anathera mphamvu pa doko

Kale ku America, ntchito yozindikira mtundu wa katundu wofika pa doko ndi kuwerengera msonkho wake inkatsamira kwambiri pa ogwira ntchito za kasitomu. Woitanitsa katundu ankapereka mapepala n'kumadikira. Koma makontena atachuluka, boma linaona kuti silingatsegule lililonse. Ndiye mu 1993 linakhazikitsa lamulo la Customs Modernization Act, lomwe linasenzetsa mtolowo mwini katundu. Iyeyo ndiye anene zoona za chomwe wabweretsa ndi mtengo wake, asunge mapepala zaka zisanu, ndipo akachita mphwayi alipire chindapusa, ngakhale anene kuti "sindimadziwa".

Kuchoka apo, vuto lililonse lalikulu linkabala lamulo lake. Zigawenga zitaphulitsa nyumba ku New York mu 2001, panabwera lamulo loti mndandanda wa katundu uzitumizidwa maola 24 kontena isanakwezedwe m'sitima. Mu 2007 kampani ya Mattel inabweza zidole zoposa miliyoni imodzi zopangidwa ku China chifukwa penti wake anali ndi mtovu wambiri, ndipo chaka chotsatira aphungu analamula kuti zinthu za ana ziziyezedwa ndi labotale yoima payokha. Mu 2011 lamulo lina linafika pa chakudya: wochiitanitsa atsimikize yekha kuti komwe akugula n'kwaukhondo.

Nkhani yomwe imandidabwitsa ine ndi ya ntchito yaukapolo. Lamulo loletsa katundu wopangidwa ndi anthu okakamizidwa linalipo kuyambira 1930, koma linali ndi kachibowo: ngati America sinkapanga chinthucho chokwanira anthu ake, chinkaloledwa kulowa. Tangoganizani, zaka zoposa 80 lamulo lili m'buku, mano lilibe! Chibowocho chinatsekedwa mu 2016.

Kenaka mu June 2022 zinthu zinatembenuka ndi lamulo lina latsopano. Katundu aliyense wokhala ndi kanthu kochokera m'chigawo cha Xinjiang ku China, kaya ndi ulusi wa thonje chabe, amamuyesa wopangidwa mwaukapolo mpaka mwini wake atabweretsa umboni wosatsutsika. Makampani akuluakulu ali ndi maloya ndi anthu olondola zimenezi. Wamalonda wamng'ono amene wagula malaya ku Vietnam ndiye amatuluka thukuta, chifukwa ayenera kusonyeza amene anasoka, amene analuka nsalu, mpaka munda umene thonjelo linathyoledwa, uku kontena yake ili pa doko ndipo ndalama yoisungira ikukwera tsiku ndi tsiku.