Kukoka munthu pamadzi ndi boti: zoyenera kutsata pa Cahora Bassa ndi mu Zambezi

Uthengawu ndi wa oyendetsa maboti a injini, ogwira ntchito m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa, komanso makolo amene ana awo amafuna kukokedwa pamadzi, kaya ataima pa matabwa otsetserekera kapena atagona pa chubu chopopa. Nthawi yoopsa kwambiri pa masewerowa ndi pamene munthu wagwa ndipo watsala yekha pamadzi, mutu wokha ukuoneka. Malamulo ambiri ali m'munsimu cholinga chake n'kufupikitsa nthawi imeneyo.

Anthu atatu, osachepera apo

Pafunika woyendetsa, wokokedwa, ndi munthu wachitatu wokhala moyang'ana kumbuyo, maso ake pa wokokedwayo basi. Boti likamathamanga makilomita 30 pa ola limadutsa mamita opitirira 8 pa sekondi imodzi. Woyendetsa akacheuka kwa masekondi atatu, wayenda mamita 25 osaona kutsogolo, ndipo m'mamita amenewo mukhoza kukhala bwato la msodzi. Komanso munthu akagwa, masekondi 10 n'kutha osamuzindikira, watsala kale mamita 80 kumbuyo. Woyang'anayo asakhale mwana wamng'ono, asakhale wojambula ndi foni, ndipo asakhale atamwa mowa. Mowa ndi woletsedwa kwa onse atatu.

Mugwirizane zizindikiro musanachoke pagombe, chifukwa injini ikalira mawu samveka. Chala chachikulu m'mwamba, onjezani liwiro. Chala chachikulu pansi, chepetsani. Dzanja lodutsa pakhosi ngati mpeni, zimitsani injini. Kusisita pamutu, tibwerere kumtunda. Wagwa koma ali bwino agwirane manja pamwamba pa mutu. Akapanda kutero, muziyesa kuti wavulala ndipo mubwerere msanga.

Jekete, chingwe ndi liwiro

Wokokedwa aliyense avale jekete yoyandamitsa, ngakhale akhale katswiri wosambira wokulira pamadzi. Madzi ukawamenya pa liwiro amauma ngati pansi, mpweya umatha m'chifuwa, ndipo wokomoka sasambira. Jekete ikhale ya msinkhu wake, malamba onse omangidwa. Yesani chonchi: munthuyo akweze manja, inu mukoke jekete m'mapewa. Ikafika m'makutu ndi yaikulu, idzavuka akagwa. Sankhani yofiira, yachikasu kapena ya olenji, poti yakuda kapena yabuluu siioneka pakati pa mafunde. Kabudula akhale wothina wa nsalu yokhuthala, makamaka kwa amayi ndi atsikana, chifukwa munthu akagwa chokhala madzi amatha kulowa mwamphamvu kumaliseche kapena kotulukira chimbudzi n'kung'amba m'kati.

Chingwe chokokera chimakhala cha mamita pafupifupi 23, choyandama, chokhala ndi chogwirira. Chingwe chakale cha ukonde kapena cha nangula sichiyenera, chikaduka chimabwerera ngati chikoti n'kumenya anthu a m'boti kumaso. Chiyendereni ndi dzanja tsiku lililonse, mukapeza poyoyoka kapena mfundo chisiyeni. Chimangidwe pakati kumbuyo kwa boti, pa chitsulo chokokera, kapena pa zingwe ziwiri zochokera kumakona onse awiri n'kukumana pakati. Mukamanga kukona imodzi boti limapendekeka pokhota. Wokokedwa asakulunge chingwe padzanja, asalowetse mkono kapena mutu m'chogwirira. Chingwe chokungika chimadula chala.

Wophunzira wamkulu pa matabwa awiri amakwanira ndi makilomita 25 mpaka 32 pa ola, ana ndi okwera chubu pansi pa 25. Liwiro la makilomita 58 limene mumaona pa mipikisano ndi la akatswiri, pamadzi okonzedwa.

Ponyamuka, wokokedwa anjute m'madzi, mawondo pachifuwa, mikono yowongoka, nsonga za matabwa zitatulukira pamwamba, chingwe pakati pake. Woyendetsa asunthe pang'onopang'ono mpaka chingwe chikungike, adikire wokokedwayo afuule, kenako awonjezere mphamvu mosadzidzimutsa. Wokokedwa akayamba kugwa, ataye chogwirira nthawi yomweyo. Kukakamira ndiko kumang'amba minofu ya kuseri kwa ntchafu ndi kugulula phewa.

Pokhota pali msampha. Wokokedwa akapita kunja kwa khona amathamanga kuposa boti lenilenilo, ndipo wa pa chubu alibe chiwongolero chilichonse. Oyendetsa ena amakhota dala mwamphamvu kuti aponye anthu, ati ndiko kusangalatsa alendo. Khalidwe limeneli n'loipa, ndipo pa chubu pakakhala ana awiri mitu imawombana.

Malo ake

Nyanja ya Cahora Bassa inayamba kudzaza damu litamalizidwa mu 1974, ndipo madzi anamiza mitengo, zitsa ndi miyala. Madzi amakwera ndi kutsika malinga ndi nyengo komanso mmene akutsegulira kudamu, choncho njira imene inali yabwino mwezi watha lero ikhoza kukhala ndi chitsa chobisika pansi pang'ono. Yendanimo kaye pang'onopang'ono, opanda munthu kumbuyo. Madzi akhale akuya mita imodzi ndi theka kapena kuposa, ndipo mutalikire gombe, miyala, mabwato ndi osambira ndi mtunda wa zingwe ziwiri, mamita 50 kapena kupitirira. Yang'anirani mabotolo apulasitiki oyandama, nthawi zambiri pansi pake pali ukonde. Maboti a kapenta okochezedwa masana ali ndi zingwe za nangula zotalika.

Ng'ona ndi mvuu zilimo m'nyanja ndi mumtsinje, ndipo palibe malo amene munthu angalumbire kuti mulibe. Pewani m'bango, pamathiriro a mitsinje, m'magombe osaya, ndi pamene asodzi amatumbulira nsomba. Funsani asodzi a pamalopo, iwo ndiwo amadziwa pamene mvuu zagona sabata ino. Akakuuzani kuti musapiteko, musapiteko. Mbandakucha, chisisira ndi usiku musakoke munthu. Nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa litakwera, mphepo isanautse mafunde.

Mu Zambezi kufupi ndi mzinda wa Tete, mchenga umasuntha ndipo madzi amathamanga, kotero wagwa amatengedwa. Musakokere pafupi ndi mizati ya mlatho wa Samora Machel.

Munthu akagwa

Woyang'ana afuule ndi kuloza, dzanja lisatsike mpaka mutafika. Woyendetsa achepetse liwiro kaye, ndiyeno akhote. Wagwayo aimike thabwa limodzi m'mwamba kuti maboti ena amuone. Mufikireni pang'onopang'ono, ali mbali ya woyendetsa kuti asasowe m'maso, boti litalunjika kumene mphepo ikuchokera kuti isalikankhire pa iye. Musabwerere chammbuyo kumene kuli munthu. Mukayandikira zimitsani injini, osangoika pa nyutulo, poti bondo la munthu likhoza kugunda giya, ndipo pulopela imadula mpaka fupa. Kachingwe kozimitsira injini, kamene kamaizimitsa woyendetsa akagwa, kazikhala komangidwa padzanja kapena pamwendo wa woyendetsa nthawi zonse. Injini ikamalira munthu asapachikike kumbuyo kwa boti: utsi wake uli ndi mpweya wa poizoni wosaoneka, umene umakomola munthu mwakachetechete.

Ngati akudandaula khosi, kapena manja ndi miyendo zachita dzanzi, musamukoke m'manja. Gwirani mutu ndi khosi zikhale mowongoka ndi msana, nkhope kunja kwa madzi, mumukweze angapo atagona pa thabwa. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada pamalo olimba, mumupumire m'kamwa ka 5, kenako dinani pakati pa chifuwa ka 30 ndi kupumira ka 2, mobwereza, liwiro la kudina ka 100 mpaka 120 pa mphindi. Musataye nthawi kumufinya mimba kuti madzi atuluke. Bala la pulopela lipanikizeni mwamphamvu ndi nsalu yoyera, osamasula kuti muone.

Wakomokapo, wosanza, wosokonekera mutu, wotsokomola kapena wopuma movutikira atamwa madzi, ndi amene khutu likutuluka magazi, apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale akunena kuti ali bwino. Kuchokera ku Songo, tauni ya pafupi ndi damu, kufika ku chipatala chachikulu cha mumzinda wa Tete ndi makilomita pafupifupi 150, choncho galimoto ya mafuta ndi foni yotchaja zikhale pagombe musanayambe.

Madzi a m'magombe osaya amakhalanso ndi tizilombo ta likodzo tolowera pakhungu. Mukaona magazi mumkodzo kapena m'chimbudzi patapita masabata kapena miyezi, uzani achipatala kuti munasambira m'nyanja. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo amapereka molingana ndi kulemera kwa thupi.