Mchenga wa ku Jutland ndi mtsinje wa Skjern omwe a Denmark anauwongola kenako nkuukhotetsanso

Ku Denmark kuli mtsinje wina dzina lake Skjern, ndi omwe umatenga madzi ambiri kuposa mitsinje yonse mdzikomo. Pakati pa 1962 ndi 1968 boma linathira ndalama zambiri kuuwongola mtsinjewu nkuumitsa madambo ake pafupifupi mahekitala 4,000 kuti anthu azilimamo, koma pofika 1999 boma lomwelo linabweretsanso makatapila kudzakumba makhota aja ndikubwezeretsa madzi. Munthu ukangomva choncho umaganiza kuti anthuwa ndalama zinangowachulukira eti, koma nkhaniyi gwero lake lili pansi pa nthaka ndipo inayamba kalekale anthu asanafikeko nkomwe.

Zaka pafupifupi 20,000 zapitazo kumpoto kwa Ulaya kunali kokutidwa ndi chimulu cha madzi oundana chochokera ku Scandinavia, chimayenda pang'onopang'ono chikupera miyala. Ku Jutland, chigawo cha Denmark chomwe chinalumikizana ndi Germany, ayisi ameneyu sanakute dera lonse ayi, anaima pa mzere oyambira ku Bovbjerg kunyanja ya kumadzulo, kupita cha ku Viborg kenako nkukhotera kummwera mpaka kumalire a Germany. Kummawa kwa mzerewu ayisi anasiya dothi lamakande losakanikirana ndi miyala komanso laimu, nthaka yachonde ndithu. Kumadzulo kunangopita madzi osungunuka, mitsinje yambirimbiri yosefukira yomwe imasenza mchenga ndi timiyala nkumayala ponseponse, dothi losalala lija madzi anapita nalo kunyanja. Ndiye chomwe chinatsala ndi zigwa zosalala ngati za ku Karup ndi Grindsted, mchenga okhaokha, ndipo mpaka lero ukaona mapu a nthaka ya Denmark mzere umenewu umaoneka bwinobwino.

Tsono apa ndi pomwe pamavuta kumvetsa, chifukwa tonse timadziwa kuti mchenga susunga madzi, ndiye zitheka bwanji kuti malo a mchenga akhale lowe? Zifukwa zake zilipo ziwiri ndipo zimathandizana. Choyamba malowa ndi osalala kwambiri moti madzi alibe kolowera, mvula kumadzulo kwa Jutland imagwa yambiri komanso kumazizira kotero madzi sauma msanga, madzi a pansi amakhala pafupi ndipo pena paliponse potsikirapo pang'ono pamadzadza. Chachiwiri ndi zomwe zimachitika mkati mwa mchengamo. Anthu akale atadula nkhalango nkumaotcha ndi kudyetsa nkhosa, panamera katchire kafupi komwe eni ake amati lyng, masamba ake akamaola amatulutsa asidi, mvula ikamatsika ndi asidiyo imatsuka chitsulo ndi aluminiyamu zomwe zinamatirira pa mchenga nkupita nazo pansi. Ukakumba dzenje umaona pamwamba zinyalala zakuda zosaola bwino, pansi pake mchenga otuwa ngati phulusa la pa mafuwa omwe mulibe chakudya cha mbewu chilichonse, kenako kutsika mwina theka la mita umagunda gawo lakuda ndi lofiirira ngati dzimbiri pomwe zonse zotsukidwa zija zinakaunjikana nkumata mchenga kukhala chinthu cholimba, a Denmark amati al. Mizu imalephera kuboola, khasu limabwerera, madzi nawo amachedwa kudutsa. Ndiye nyengo yozizira munda umasanduka thamanda, ikafika nyengo yotentha mchenga wa pamwamba uja umauma mmasiku ochepa mbewu nkufota pomwe madzi ali pansi pomwepo, mphepo ikabwera nkuulutsa mchenga ndi mbewu zomwe. Mlimi amalira kawiri pa chaka chimodzi.

Akatswiri a nthaka mtundu umenewu amautcha podzol, ku America amati Spodosol ndipo zomwe zimakhala zonyowa nthawi yaitali anaziika pa gulu lakelake la Aquod. Mmodzi mwa anthu oyamba kufotokoza bwino za nthakayi anali wa ku Denmark konko, katswiri wa nkhalango P.E. Müller, cha mma 1870 ndi 1880, iye ndi amene anasiyanitsa manyowa ofewa omwe nyongolotsi zimasakaniza ndi dothi, ndi manyowa owawa omwe amangokhala pamwamba osasakanikirana, ndipo maina omwe anapereka, mull ndi mor, akugwirabe ntchito padziko lonse. Mmalo onyowa kwambiri chitsulo chija chimaundana kukhala miyala yofiira, anthu akale amaisungunula nkupanga zida, ena anamangira matchalitchi.

Mafumu ku Copenhagen zimawapweteka kuona dziko lalikulu chonchi likungokhala ndi nkhosa. Mu 1759 mfumu Frederik V inaitana alimi ochokera kummwera chakumadzulo kwa Germany, madera ngati Pfalz ndi Hessen, nkuwalonjeza malo, nyumba, ziweto ndi zaka zosakhoma msonkho kuti akalime ku Alheden, tchire la mchenga kufupi ndi Viborg. Anthuwa anazolowera nthaka yachonde ndi nyengo yofunda, atafika nkuona tchire lopanda ndi mtengo omwe ambiri anabwerera, ena anapitilira mpaka ku Russia komwe mfumukazi Catherine II amaitana alimi. Otsalawo anapirira mmidzi ngati Frederiks, Grønhøj ndi Havredal, ndipo chifukwa amalima mbatatesi yomwe imalola mchenga anthu anawapatsa dzina loti Majeremani a mbatatesi. Eni dera nawo amadalira ubweya wa nkhosa, amuna ndi akazi omwe kuluka masokosi nkumakagulitsa, mpake kuti tauni ya Herning inadzakhala likulu la mafakitale a zovala.

Zinthu zinasintha kwenikweni itatha nkhondo ya 1864 pomwe Denmark inagonja kwa Prussia ndi Austria nkulandidwa Schleswig, Holstein ndi Lauenburg. Dziko linachepa, anthu mitima inasweka, ndipo kunabuka mawu oti zomwe zatayika kunja tizipezenso mkati mwathu momwemu. Mu 1866 kunakhazikitsidwa bungwe la Hedeselskabet losandutsa tchire lija kukhala minda ndi nkhalango ndipo mtsogoleri wake odziwika anali Enrico Dalgas, msilikali yemwe anali injiniya wa misewu, munthu oti ntchito yake inamuyendetsa mtchire lonselo akukumba ndi kuona zomwe zili pansi. Chomwe ine ndimamulemekezera Dalgas nchakuti samatenga tchire lonse ngati chinthu chimodzi, amasiyanitsa zigwa za mchenga ndi zitunda zakale zomwe zimatumphuka pakati pake ngati za Skovbjerg, amadziwa kuti apa mpofunika mitengo, apa mpofunika udzu wa ng'ombe, apa mpolima. Anakumba ngalande zotenga madzi a mitsinje kuthirira madambo kuti udzu uchuluke, ng'ombe zichuluke, ndowe zipite kumunda. Anafufuza malo okhala ndi dothi la laimu nkumalinyamula pa ngolo, kenako pa tinjanji tating'ono, kukathira mminda kuti asidi achepe. Amatipula mozama kuswa gawo lolimba lija. Anadzala mizere ya mitengo yotchinga mphepo, ndipo poona kuti mitengo ya spruce payokha imapinimbira anayamba kuidzala pamodzi ndi paini wa kumapiri ochokera pakati pa Ulaya yemwe amapirira mchenga. Dalgas anamwalira mu 1894 koma ntchito inapitilira, ndipo ntchito yeniyeni yamanja inagwiridwa ndi mabanja osauka omwe amaswa tchire ndi ng'ombe imodzi kapena ziwiri, maina a ambiri mwa iwo analembedwa pa miyala ku Kongenshus komwe anatsegula malo achikumbutso mu 1953. Amenewa ine sindingawadzudzule ngakhale pang'ono, anali ndi ana ofuna kudya.

Koma ngakhale nthawi imeneyo kunali alembi ndi ojambula omwe amadandaula kuti tchire lokongola likutha, kuti mbadwo obwera sudzaliona, ndipo zinachitikadi, lero latsala pang'ono chabe mwakuti boma limalipira anthu kuti aziotcha, kudyetsa nkhosa ndi kuzula paini yemwe uja anabwera kudzathandiza.

Tchire louma litatha maso anatembenukira ku malo onyowa, ndipo apa mpomwe Skjern ikulowera. Kumunsi kwa mtsinjewu, usanathire mu Ringkøbing Fjord, nyanja yosaya yomwe imalumikizana ndi nyanja yaikulu ya kumadzulo, kunali madambo aakulu omwe amasefukira chaka ndi chaka, alimi amadulamo udzu ndi kudyetsa ng'ombe. Mathalakitala ndi feteleza zitabwera udzu wa mdambo unatsika mtengo, aliyense amafuna barele ndi tirigu, ndiye pulani inali yoti mtsinje uyende mngalande zowongoka zokhala ndi zipupa za dothi mbali zonse, mapampu azikoka madzi mminda usana ndi usiku. Hedeselskabet ndi omwe anatsogolera ntchitoyi, boma linalipira gawo lalikulu, asodzi ndi okonda zachilengedwe anakana koma sanamvedwe. Zaka zoyamba zokolola zinali zabwino ndithu.

Vuto linali loti nthaka ya mdambomo sinali mtundu umodzi, pena mchenga, pena matope, pena zomera zakale zosaola zomwe zinaunjikana mmadzi kwa zaka masauzande, ndipo malo ambiri munali mwala wina wa chitsulo ndi salfa otchedwa pyrite. Bola uli mmadzi mwalawu sulakwa kanthu, koma ukangoumitsa nthaka mpweya nkulowa umatulutsa asidi ndi chitsulo chosungunuka, madzi a mngalande amasanduka ofiira ngati dzimbiri, chitsulocho chimamata mmakha a nsomba ndi kukwirira timiyala tomwe nsomba zimaikirapo mazira. Nsomba ya salimoni ya mu Skjern, mtundu wakewake wa mtsinjewu, inatsala pang'ono kutheratu pofika mma 1980. Kale dambo limasefa madzi likasefukira, tsopano matope ndi feteleza zimangothamanga mngalande mpaka mu fjord, madzi kuda, zomera za pansi pa madzi kufa, mbalame kuchepa. Ndipo mbali inayo nthaka ya zomera zakale ija itauma inayamba kuola nkumatitimira, malo ena kupitilira mita imodzi, minda nkuyambanso kudzadza madzi, kutanthauza kuti mlimi amayenera kukumbanso mozama ndi kupopa kwambiri kuti apeze zomwe amapeza kale.

Chomwe chimandiwawa ine nchakuti kuyeza nthaka mwadongosolo kunabwera ntchito itachitika kale. Mma 1970 ndi pomwe Denmark inagawa minda yake mmagulu 12 omwe amawatcha JB, pomwe JB1 ndi mchenga okhakhala omwe dothi lamakande silipitilira 5 peresenti ndipo JB11 ndi nthaka yodzadza ndi zomera zoola, koma izi zimayang'ana makamaka dothi la pamwamba pomwe pulawo imafika. Za pyrite anachita kupanga kafukufuku wina kumayambiliro kwa ma 1980, kugawa malo otsika a Jutland mmagulu anayi malinga ndi chiopsezo, ndipo lamulo loti usaumitse malo oterowo popanda chilolezo linabwera mu 1985, Skjern itakhala kale mngalande zaka pafupifupi 17.

Mu 1987 nyumba ya malamulo inagamula kuti mtsinje ubwezeretsedwe, koma kukambirana ndi eni minda kunatenga zaka zoposa khumi, ndipo nzomveka, awa anali anthu omwe boma lomwelo linauza makolo awo kuti umitsani, anatenga ngongole, anamanga makola, lero akuuzidwa kuti gulitsani kapena sinthanani malo. Ntchito inayamba mu 1999 nkutha cha mma 2002 ndi 2003, mahekitala pafupifupi 2,200 anabwerera kukhala dambo ndi nyanja zazing'ono, gawo lotsalalo likulimidwabe ndi mapampu mpaka pano. Salimoni inabwerera mothandizidwa ndi kuweta ana a nsomba za mtundu omwewo, asodzi a mbedza amachokera maiko ena kudzawedza ndipo chiwerengero chomwe angaphe chimaikidwa chaka chilichonse.

Mkanganowu ukadalipo, wangosintha chifukwa. Pano nkhani ndi mpweya oipa otenthetsa dziko omwe nthaka ya zomera zakale imatulutsa ikaumitsidwa komanso nayitrojeni yemwe amadutsa mumchenga mosavuta nkukathera mnyanja. Mu 2024 boma, mabungwe a alimi, a zachilengedwe ndi ena anagwirizana kuti mahekitala 140,000 a malo otsika asiye kulimidwa pofika 2030 ndipo mahekitala 250,000 adzalidwe nkhalango pofika 2045, ndipo alimi ambiri omwe akufunsidwa kupereka minda ndi a ku Jutland komweko, zidzukulu za omwe anaswa tchire lija, omwe tsopano akuyenera kukhala pansi ndi makhonsolo awo kuona mapu a nthaka munda ndi munda kuti ndi uti ubwerere mmadzi ndipo chipepeso chikhala chingati.