Kodi Akalinago a ku Dominica adatha onse?

Pali nkhani yomwe imayenda pa Facebook yakuti eni nthaka a zilumba za Caribbean adafa onse azungu atafika, moti lero palibe ndi mmodzi yemwe. Za chilumba cha Dominica, zimenezi n'zabodza. Osachisokoneza ndi Dominican Republic, dziko lina lalikulupo.

Christopher Columbus, woyenda panyanja wa ku Ulaya, adachiona chilumbachi pa 3 Novembala 1493, tsiku Lamulungu, n'chifukwa chake adachitcha Dominica, dzina lochokera ku mawu a Chilatini otanthauza Lamulungu. Eni ake, Akalinago, ankachitcha Wai'tukubuli. Nkhondo ndi matenda zidapha ambiri, inde, koma mapiri ndi nkhalango zowirira zidawateteza kwa zaka zambiri. Afalansa ndi Angelezi adalimbirana chilumbachi, ndipo mu 1763 chidaperekedwa kwa Angelezi.

Mu 1903 boma la atsamunda lidawapatulira maekala pafupifupi 3,700 kum'mawa kwa chilumbachi. Ndi malo ochepa kwa anthu amene kale chilumba chonse chinali chawo. Kumeneko akukhalabe, akuluka madengu ndi kusema mabwato a mtengo umodzi, ndipo amasankha mfumu yawo. Mu 2023 Sylvanie Burton, mayi wa mtunduwu, adakhala pulezidenti wa Dominica.