Sitima ya mawindo openta: zinayamba bwanji ku Ferguson Marine

Ilala yathu ija inapangidwa ku Scotland mu 1949, pa mtsinje wa Clyde, nthawi imene kumeneko kunali kuchimake kwa sitima zapamadzi. Lero makampani ambiri anatseka kalekale, ndipo imodzi mwa otsalawo, Ferguson Marine ya ku Port Glasgow, ikupumira m'manja mwa boma la Scotland.

Kampaniyi inayamba mu 1903. Mu 2014 inagwa, ndiye mpondamatiki wina Jim McColl anaigula, patangotsala masiku ochepa kuti anthu a ku Scotland avote ngati akufuna kudziimira paokha, ndiye mukudziwa kale mmene andale amakondera nkhani yopulumutsa ntchito za anthu nthawi ngati imeneyo. Chaka chotsatira inapatsidwa kontirakiti ya mapaundi 97 miliyoni yopanga sitima ziwiri zonyamula anthu ndi magalimoto kupita kuzilumba, zoti zithe mu 2018.

Apa ndi pomwe panagona nkhani. CMAL, kampani ya boma yomwe imagula sitimazo, inadandaula kuti a Ferguson sakupereka chikole chokwanira choti ndalama zidzabwezedwe zinthu zikavuta, koma kontirakiti inasainidwabe basi. Kenako anayamba kudula zitsulo mapulani asanathe kugwirizanidwa, sitima zake zachilendonso, zoyendera dizilo komanso gasi wa LNG (gasi wachilengedwe woziziritsidwa mpaka kukhala ngati madzi). Mmisiri awotcherera lero, mawa akumuuza kuti phwasula pulani yasintha. Anthu amapita kuntchito tsiku ndi tsiku koma sitima osasuntha, uku mabwana a mbali ziwirizi akungolozana zala, a Ferguson akuti CMAL ikusinthasintha zofuna zake, a CMAL akuti ayi inuyo ndi amene simukulongosoka.

Mu November 2017 Nicola Sturgeon, mtsogoleri wa boma la Scotland nthawi imeneyo, anabwera kudzatsitsira m'madzi sitima yoyamba, Glen Sannox. Mawindo a kumtunda kokhala woyendetsa anali ongojambula ndi penti. Eeh, penti weniweni, kuti pa zithunzi izioneka yakutha.

Boma linabwereketsa mapaundi 45 miliyoni koma sizinathandize, mu 2019 kampani inagwanso ndipo boma linaitenga yonse. Anabweretsa Tim Hair kuti akonze zinthu, akumulipira mapaundi oposa 2,000 patsiku. Kenako kunadzapezeka kuti mawaya amagetsi mazanamazana omwe anaikidwa kale mu Glen Sannox ndi aafupi, sakufika pomwe amayenera kulumikizidwa. David Tydeman amene anabwera kudzatsogolera kampaniyi mu 2022 naye anachotsedwa mu March 2024.

Onse aja akukangana, ovutika anali anthu a kuzilumba monga Arran omwe amadalira sitima zakale zomangofa panjira. Wa ku Likoma akumvetsa bwino zimenezi.

Glen Sannox inayamba kunyamula anthu mu January 2025, itachedwa zaka zoposa 6, ndipo mtengo wa sitima ziwirizi unakwera pafupifupi kanayi. Itatha choncho sinathenso kugwiritsa ntchito doko la Ardrossan lomwe imayenera kumanyamukira, poti dokolo linali lisanakonzedwe kuti sitima yaikulu chonchi izikocheza, moti inayamba kunyamukira ku doko lina la Troon.